Kope la Mvula

M'mawa uliwonse, sikisi isanakwane,
ndimatsikira kuseri kwa nazale
kukasuzumira m'kabotolo ka boma koyezera mvula.
Lero muli kangaude ndi phiko la ngumbi ya chaka chatha.
Ndalemba ziro.
Dzulo ziro, dzana ziro.
Tsamba la Novembala langodzaza mazira
opanda nkhuku yowafungatira.

Kopeli anandisiyira Bambo Kalilangwe
tsiku lomwe ankapuma pa ntchito.
Masamba awo ndi otupa, inki inayenderera,
poti ankalemba mvula ikudontha pa chipewa.
Anga ndi ouma gwa,
ndikamatsegula amalira ngati makoko a chimanga.

Mbande zikwi zitatu m'machubu akuda:
mbawa, mthethe, msambamfumu, mlombwa pang'ono.
Ndimazithirira ndi kheni yodontha,
madzi opempha pa mjigo wa ku Malingunde,
amayi a pamzere akundiyang'ana cham'mbali:
"Inu mukumwetsa mitengo, ana athu amwa chiyani?"
Ndimangoweramira chigubu changa.

Uko Dzalanyama wagona
ngati ng'ombe yomwe yatha ndi nkhupakupa,
nthiti zonse pamtunda.
Kale Seputembala akafika, tsamba ndi mombo
zinkavala zofiira bingu lisanamveke n'komwe,
zinkadziwa tsiku.
Chaka chino zaphuka, zadikira, zapserera,
zaphukanso.
Kodi mtengo ungaphuke kangati
usanaleke kukhulupirira mitambo?

Masuku ayoyoka ali ngati mikanda.
Utale sindikumbuka kuti ndinaulawa liti.
Njuchi zasamuka m'ming'oma ya Nachisale
osatsanzika.

Usiku ndimamva tcheni cha njinga chikudandaula.
Ndi Dzinkambani, matumba anayi a makala
atasanjikizana kupitirira mutu wake,
akuthamangira ku Chinsapo kusanache.
Tinkakhala desiki imodzi sitandade faifi.
Chimanga chake chinauma chitangomasula,
ndiye nkhwangwa yalowa m'malo mwa khasu.
Akafika pa nazale amatsika n'kupempha akumwa,
ndimamupatsa m'kheni momwemo.
Sitikambirana za mitengo.
Amandifunsa za bondo langa, ine za mayi ake,
kenako amakankha njinga kukwera chitunda.

Tionenji, mwana wanga wa ku sekondale,
anandionetsa pa foni nkhalango za kutsidya kwa nyanja zamchere
zikuyaka usana ndi usiku,
ndege zikuthira madzi
ngati munthu wolavulira pa ng'anjo ya njerwa.
Ndinati, kodi nakonso kuli a Dzinkambani?
Anati ayi bambo, n'kutentha,
dziko lonse lili ndi malungo.
Ndinakhala duu.
Ine ndinkayesa olodzedwa ndife tokha.

Ndipo ikadzabwera, ndikuidziwa, sidzaodira.
Idzagwa ya mwezi wathunthu usiku umodzi,
kusenda dothi lofiira, kulitsitsira mumtsinje wa Lilongwe.
A m'tauni adzatsegula mipopi
n'kutukwana matope,
osadziwa kuti ndi phiri lathu
likudutsa m'makapu mwawo.

Mbawa imafuna zaka zoposa zomwe zanditsalira.
Sindidzakhala pamthunzi wake, zimenezo ndinavomera kale.
Chondisowetsa tulo n'chakuti
mwina mthunziwo sudzakhalapo n'komwe,
kuti ndikulerera ana dzuwa,
kuti Tionenji adzafotokozera ake za nkhalango
ndi manja okha, monga ine ndimafotokozera za njovu.

Komabe madzulo ano ndazula mbande zakufa,
makumi asanu ndi ziwiri,
ndakhutula dothi, ndasefa, ndafesanso.
Kabotolo ndakatsuka,
kangaude ndamusamutsira pa mpanda,
pensulo ndaisongola mbali zonse ziwiri.

Kum'mwera kwachita kamdima.
Mwina ndi utsi.